Ku Mauritius, kumene Angerezi ndi Afalansa ankaphana polimbirana benchi

Azakhali anga amene amagulitsa zovala mu msika wa Limbe ananditenga pa ulendo wa ku Mauritius pa chifukwa chimodzi chokha: Chingerezi. Anamva kwa anzawo a geni kuti kumeneko kuli mafakitale osoka malaya ndi masikipa olimba, ndiye anati akadzionere okha ngati munthu angathe kumapikula. "Iwe unapita ku sekondale, ndiponso umalemba m'nyuzipepala. Uzikandilankhulira," anatero. Tikiti analipira ndi iwo. Ine ndani kukana?

Ndinawalimbitsa mtima kuti asade nkhawa. Dzikolo linalamulidwapo ndi Angerezi ngati lathu lomwe lino, lili mu Commonwealth, ndipo magalimoto amayenda kumanzere ngati pa Chipembere Highway. Ndinachita kudziguguda pachifuwa.

Manyazi anandigwira tsiku loyamba lomwe. Bwalo la ndege la dzikolo lili kufupi ndi tauni ya Mahébourg, choncho tinagona komweko. Kutacha linali Lolemba, tsiku la msika waukulu m'tauniyo, ndipo inu mukuwadziwa anthu a geni, sangadutse msika osalowamo. Mabenchi ake ngati a kwathu konkuno: tomato, mabiringanya, nsomba zouma, nsalu, mapoto, masilipasi. Koma chilankhulo! Mayi woyamba anatilonjera kuti "bonzour". Nyuzipepala imene anakulungira tsabola inali ya Chifalansa. Nditayamba Chingerezi changa cha MSCE anandiyankha bwinobwino m'Chingerezi, koma pofika pa mtengo anatembenukira kwa mnzake wa benchi ina n'kuyamba kufunsana m'chilankhulo chawo chotchedwa Kreol, chimene mawu ake ambiri anachokera ku Chifalansa. Wogulitsa akayamba kukambirana mtengo ndi mnzake m'chilankhulo chimene iwe sukumva, nonse mukudziwa chimene chikubwera.

"Nanga si unati kuno n'kwa Angerezi?" anandifunsa azakhali tikutuluka, maso ali psuu. "Bwanji aliyense akulankhula za Afalansa?"

Ndinalibe yankho. Funso limenelo ndi limene linandiyendetsa sabata yonse, iwo ali kalikiliki kufunsa mitengo ya malaya.

Mauritius ndi chilumba cha pakati pa nyanja yamchere ya Indian Ocean, mtunda wa makilomita pafupifupi 2,000 kuchoka ku gombe la Africa, kupitirira Madagascar. N'kachilumba kakang'ono ndithu, m'litali mwake ngati kuchoka ku Blantyre kufika ku Zomba, ndipo anthu ake ndi oposa 1.2 miliyoni. Uli m'basi, kumanja nzimbe, kumanzere nzimbe, ungayese uli ku Nchalo, kungoti mapiri ake ndi osongoka ngati mano a galu. Munthu umadabwa kuti kadziko kotere maufumu awiri akuluakulu a ku Ulaya ankakalimbiranji mpaka kukhetsa mwazi.

Yankho lake inu a mu msika mukulidziwa kuposa aphunzitsi a mbiri yakale. Benchi ya pa geti ndi benchi ya kuseri kwa zimbudzi sizifanana, ngakhale katundu atakhala yemweyo. Ngalande ya Suez isanatsegulidwe mu 1869, chombo chilichonse chochoka ku Ulaya kupita ku India chinkazungulira ku Cape Town, ulendo wa miyezi yambiri. Ku India ndi kupitirira apo ndi kumene kunali katundu wa phindu: nsalu, tsabola, tiyi, silika. Mauritius inali pafupi ndi njira imeneyo. Mwini chilumbachi ankatha kumwetsa anthu ake madzi abwino, kukonza zombo zake, ndi kubisalira zombo za mnzake. Mpaka lero pa chizindikiro cha boma la dzikoli pali nyenyezi ndi kiyi, kutanthauza kuti ichi n'chotsegulira nyanja yonseyo.

Oyamba kukhalapo anali Adatchi, amene anachipatsa dzina la Mauritius mu 1598, koma zinawakanika ndipo anachoka mu 1710. Afalansa anachitola mu 1715 n'kuchitcha Isle de France. Amene anachisandutsa malo enieni a malonda ndi bwanamkubwa Mahé de La Bourdonnais, yemwe anafika mu 1735 n'kumanga doko la Port Louis. Tauni ya Mahébourg imene tinagonayi inatenga dzina la bambo yemweyu.

Chimene chinandidabwitsa n'chakuti poyamba amene ankamenyana ku nyanja imeneyi anali makampani. Angerezi anali ndi East India Company, Afalansa anali ndi Compagnie des Indes, ndipo kampani iliyonse inali ndi zombo zake, mizinga yake ndi asilikali ake olipidwa. Tangoganizani eni mashopu awiri opikulitsa katundu, aliyense ali ndi gulu lake lankhondo, boma lakwawo likuwaombera m'manja. Mafumu awo akayambana ku Ulaya, kuno makampani ankapezerapo mwayi wolandana makasitomala. Mu 1746 La Bourdonnais ananyamuka ndi zombo pa chilumbachi n'kukalanda Madras, mzinda waukulu wa malonda wa Angerezi ku India. Patangopita zaka ziwiri, mu 1748, akuluakulu atakhala pansi ku Ulaya, Madras inabwezedwa kwa Angerezi posinthanitsa ndi Louisbourg, linga la ku Canada limene Angerezi anali atalanda kwa Afalansa. Mizinda ya eni ake, yodzaza ndi anthu, kusinthanitsa ngati mbuzi ndi njinga.

Nkhondo ya 1756 mpaka 1763 ndiyo inawapweteka Afalansa. Quebec inagwa mu 1759, Pondicherry ku India inagwa mu 1761. Pa pangano la ku Paris la 1763 anataya Canada yense, dziko lalikulu zedi, koma anaonetsetsa kuti tizilumba ta shuga ta Guadeloupe ndi Martinique tabwerera m'manja mwawo. Ambiri nthawi imeneyo ankaona kuti Afalansa sanaluze kwenikweni, poti shuga ndiye anali ndi ndalama. Ku India mphamvu zawo zinatha, koma benchi ya pa njira ija, Isle de France, anakhala nayobe.

Ndipo anaigwiritsa ntchito moti Angerezi anamva kuwawa. Boma la France linkapereka chiphaso kwa eni zombo chowaloleza kulanda zombo za adani pa nthawi ya nkhondo. Kuba kokhala ndi laisensi, tinene choncho. Wotchuka kwambiri anali Robert Surcouf, amene mu 1800 analanda Kent, chombo chachikulu cha East India Company, iye ali m'chombo chaching'ono kwambiri. Katundu wolandidwayo ankagulitsidwa pa doko la Port Louis, ndipo amalonda ochokera ku America ndi ku Denmark ankabwera kudzapikula pa mtengo wozizira. Amalonda a ku London ndi Calcutta anali kulira tsiku ndi tsiku, kukakamiza boma lawo kuti lichotse chisa cha mavu chimenechi. Angerezi anayamba ndi zilumba zoyandikana nazo: Rodrigues mu 1809, kenaka Bourbon, imene lero ndi Réunion, mu Julaye 1810.

Zonsezi ndinazitolera ku nyumba yosungiramo zinthu zakale ya ku Mahébourg, chinyumba cha Afalansa cha m'zaka za m'ma 1700 chimene chili pakati pa mitengo, kumtunda kwa tauni. Musanapite kumeneko yambani mwaima m'mbali mwa nyanja, pamene pali chipilala chokumbukira amene anafa pa nkhondo ya 1810. Madzi ake ndi obiriwira, odekha ngati a ku Cape Maclear m'mawa, ngalawa za asodzi zili ndandanda. Kutsidya kuli phiri lotchedwa Lion Mountain. Chapatali, pamene mafunde akuswekera pa matanthwe, pali kachilumba kotchedwa Île de la Passe, kamene kamayang'anira mpata wokhawo umene zombo zikuluzikulu zingalowere. Malo onsewa ndiwo Grand Port.

Mu Ogasiti 1810 Angerezi analanda kachilumbako usiku. Kenaka kaputeni wawo, Nesbit Willoughby, anachita ukathyali: anasiya mbendera ya France ikupepera pa linga kuti zombo za Afalansa zobwera kuchokera kunyanja ziziyesa kuti zonse zili bwino. Pa 20 Ogasiti zombo za Victor Duperré zinafikadi, ndipo zitayandikira, mbendera inasinthidwa, mizinga n'kuyamba kulira. Koma Afalansa anakwanitsa kudutsa n'kulowa mkati. Madzi a Grand Port ndi achinyengo, pamwamba pooneka bwino koma pansi pali matanthwe ndi mchenga, ndipo Afalansa ankadziwa njira pamene Angerezi sankaidziwa. Duperré anachotsa zizindikiro zoyandama zimene zinkalozera njira, n'kudikira.

Angerezi, podzikhulupirira kuti panyanja palibe wowaposa, analowa ndi zombo zinayi zankhondo. Pa 23 Ogasiti madzulo moto unabuka. Zombo ziwiri, Sirius ndi Magicienne, zinakakamira pa matanthwe mpaka eni ake anazitentha okha kuti adani asazitenge. Nereide ya Willoughby inaomberedwa usiku wonse mpaka inasanduka chiphwasuphwasu, anthu ake ambiri atafa kapena kuvulala. Iphigenia inagonja patapita masiku ochepa. Zinayi zonse zinapita, Angerezi oposa 100 anafa, otsala onse anagwidwa. Pa nkhondo zonse za nthawi ya Napoleon, apa ndi pamene Angerezi anachititsidwa manyazi kwambiri pamadzi, ndipo dzina la Grand Port linalembedwa pa chipilala cha Arc de Triomphe ku Paris.

M'nyumba ija muli mizinga, mabotolo ndi zitsulo zimene anavuula m'zombo zomirazo. Koma bambo amene ankationetsa malo anandiimika pa nkhani ina. Willoughby anavulala kumaso mpaka diso linawonongeka, Duperré nayenso anavulala kumaso, ndipo onse awiri anawanyamulira m'nyumba yomweyi n'kuwagoneka m'chipinda chimodzi, kuwasamalira limodzi. Alendo a ku Ulaya amaikonda nkhani imeneyi, ati ikuonetsa ulemu wa asilikali. Ine ndinangoti mumtima, mabwana ndi mabwana basi. Ndinafunsa kuti nanga amene ankatunga madzi ndi kuchapa nsalu zamagazi m'chipindamo anali ndani? Bamboyo anamwetulira pang'ono. "Akapolo," anatero.

Chisangalalo cha Afalansa sichinakhalitse. Paja fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wa mphepo. Pa 29 Novembala chaka chomwecho Angerezi anabweranso ndi zombo pafupifupi 70 ndi asilikali zikwizikwi, ena mwa iwo Amwenye olembedwa ntchito ku India. Ulendo uno sanalowere pa khomo. Anakocheza kumpoto, kufupi ndi Cap Malheureux, kumene Afalansa ankaganiza kuti zombo zikuluzikulu sizingafike chifukwa cha matanthwe, n'kuyenda pansi kulowera ku Port Louis. Pa 3 Disembala 1810 bwanamkubwa Decaen anagonja.

Lachitatu tinakwera basi ya ku Port Louis, kudutsa ku Curepipe kumene kumazizira ndi kuwaza mvula ngati ku Thyolo. M'basimo ndi mmene ndinawayankha azakhali funso lawo lija. Ndinawauza kuti Decaen anagonja mochenjera, ngati munthu wogulitsa benchi koma n'kusiya ana ake akugulitsabe pomwepo. Pa pangano logonjera, asilikali a France sanatengedwe ukaidi, anatumizidwa kwawo. Afalansa okhala pa chilumbachi analonjezedwa kuti asunga chipembedzo chawo, malamulo awo, miyambo yawo ndi katundu wawo. Angerezi sankafuna kudzakhala kuno ambirimbiri, ankangofuna kuti zombo zawo zizidutsa mwamtendere. Pangano la ku Paris la 1814 linatsimikiza kuti Mauritius, Rodrigues ndi Seychelles zikhala za Britain, pamene Réunion inabwezedwa kwa France chifukwa inalibe doko labwino. Mpaka lero Réunion ndi gawo la France, ndipo amagwiritsa ntchito ndalama ya euro.

Ndiye chifukwa chake Angerezi analamulira zaka 158, mpaka ufulu wa pa 12 Malichi 1968, koma Chingerezi sichinalowe m'khitchini kapena mu msika. Chinakhala cha mu ofesi, cha m'mabuku a sukulu ndi cha pa mafomu a boma. Malamulo aakulu a 1968 anati chilankhulo cha Nyumba ya Malamulo ndi Chingerezi, koma phungu akhoza kulankhula Chifalansa. Nyuzipepala zikuluzikulu monga L'Express ndi Le Mauricien zimalembedwa kwambiri m'Chifalansa. Milandu ya malo, ukwati ndi chuma chamasiye imaweruzidwa potsata malamulo amene maziko ake ndi a Napoleon.

Azakhali anamvetsera, kenaka anafunsa funso la munthu wa geni. "Wati anawasiyira katundu wawo. Katundu wanji?"

Apa ndi pamene nkhaniyi inasiya kukhala ya azungu okhaokha. Katundu wamkulu wa Afalansa aja anali anthu. Pamene Angerezi ankalanda chilumbachi, akapolo anali oposa 60,000, kuchuluka kuposa anthu ena onse kangapo. Ndiwo anagwetsa nkhalango, kuswa miyala, kumanga doko la La Bourdonnais ndi malinga amene mizinga ija inkakhalapo. M'mabuku a eni minda ankawalemba potengera kumene anagulidwa: Malgache kwa ochokera ku Madagascar, Indien kwa ochokera ku India, Créole kwa obadwira pomwepo, ndi Mozambique kwa ochokera ku gombe la kum'mawa kwa Africa. Koma dzina loti Mozambique linkangonena za doko limene anakwerera. Mkati mwa gulu limenelo munali Amakua, Amakonde, Ayao, ndi anthu amene ankalembedwa kuti Maravi. Mwamva? Maravi.

Ku sukulu tinaphunzira za Jumbe wa ku Nkhotakota ndi Mlozi wa ku Karonga, ndipo tinatuluka tikuganiza kuti malonda a akapolo anali a Aluya okha. Palibe mphunzitsi anandiuzapo kuti zaka zambiri Livingstone asanaone nyanja yathu mu 1859, ena mwa ogula akuluakulu pa madoko a Kilwa, Ibo ndi chilumba cha Mozambique anali Afalansa a ku Isle de France ndi Bourbon. Mu 1776 wamalonda wina wa ku France, Jean-Vincent Morice, anasainirana pangano ndi Sultan wa ku Kilwa loti azimupatsa akapolo 1,000 chaka chilichonse. Njira zimene zinkatsikira ku Kilwa ndi ku Mozambique zinkachokera kumtunda, kumadera ozungulira nyanja ya Malawi, kumene kunkachokeranso minyanga ya njovu. Tisanamizane, amene ankagwira anthu ndi kuwaperekeza ku gombe anali akuda anzathu, mafumu ndi amalonda ofuna nsalu, mikanda ndi mfuti. Koma wopikula akachuluka pa doko, mtengo umakwera, ndipo mtengo ukakwera midzi yambiri imapsa kumtunda. Surcouf uja amene ku France amamutama ngati ngwazi, naye anachitapo malonda a akapolo pakati pa gombe la Africa ndi zilumbazi.

Kwa anthu amenewa mbendera inkasintha koma bwana osasintha. Mu 1794 boma la France, litachotsa mfumu, linalamula kuti ukapolo uthe. Nthumwi ziwiri zitafika ku Port Louis mu 1796 kudzakhazikitsa lamulolo, eni minda anazithamangitsa n'kuzikweza chombo. Mu 1802 Napoleon anabwezeretsa ukapolo. Angerezi anali ataletsa malonda a akapolo mu 1807, ndiye munthu ungaganize kuti kubwera kwawo mu 1810 kunali chipulumutso. Ayi ndithu. Mawu aja oti "katundu wawo" anamanga manja, ndipo bwanamkubwa woyamba wa Angerezi, Robert Farquhar, sankafuna kuyambana ndi eni minda. Anthu anapitirira kulowetsedwa mozemba usiku kwa zaka zambiri. Zinafika poipa mu 1825 pamene Britain inatsitsa msonkho wa shuga wa ku Mauritius kuti ufanane ndi wa shuga wa ku West Indies. Msika wa ku London utatseguka, aliyense anadzala nzimbe, ndipo ntchito ya kapolo inawawa kuposa kale. Eni minda a Chifalansa aja, ogonja pa nkhondo, analemera pansi pa mbendera ya Angerezi kuposa mmene analili pansi pa mbendera yakwawo.

Port Louis ndi mzinda wotentha, wopanikizika pakati pa mapiri ndi nyanja. Pa msewu wa migwalangwa wotchedwa Place d'Armes, chiboliboli cha La Bourdonnais chaima chakudoko, ndipo kumapeto ena, kutsogolo kwa nyumba ya boma, kwaima cha Mfumukazi Victoria. Anthu amangodutsa pakati pawo ndi majumbo awo. Chapafupi pali Champ de Mars, bwalo la mpikisano wa akavalo limene Angerezi anayambitsa mu 1812 kuti iwo ndi Afalansa azisangalalira limodzi, aiwale zakale. Pamwamba pa phiri pali linga la Fort Adelaide, limene anayamba kumanga mu 1834. Ukakwera pamenepo umaona kuti lingalo likuyang'ana doko, komanso likuyang'ana mzinda weniweniwo. Nthawi imeneyo Angerezi ankaopanso chipolowe cha eni minda amene anakwiya ndi nkhani yothetsa ukapolo.

Ukapolo unatha pa 1 Febuluwale 1835. Boma la Britain linalipira chipukutamisozi choposa mapaundi 2 miliyoni, ndipo musafunse kuti analandira ndani. Analandira ndi eni akapolo, chifukwa cha "katundu" amene anataya. Akapolowo sanapatsidwe ngakhale khasu, m'malo mwake anawakakamiza kugwirabe ntchito kwa mabwana omwewo mpaka 1839, ati akuphunzira ntchito. Munthu wadula nzimbe zaka makumi awiri, lero akuphunzira ntchito! Atamasukadi ambiri anachoka m'minda, ena kupita m'mbali mwa nyanja kukakhala asodzi. Kum'mwera chakumadzulo kwa chilumbachi kuli phiri la Le Morne kumene akapolo othawa ankabisala, ndipo anthu amasimba kuti ena anadziponya kuphedi ataona asilikali akubwera, osadziwa kuti akudzawauza za ufulu. Kumeneko sitinafikeko, ndalama ya basi inali itayamba kuwerengeka.

Kumene ndinafika ndi ku Aapravasi Ghat, pafupi ndi doko, mphindi zochepa kuchoka pa msika waukulu. Ndi mabwinja a nyumba zamiyala ndi masitepe 16 ochokera m'madzi. Eni minda atataya akapolo, Angerezi anawapezera antchito ena ku India, dziko limene tsopano linali m'manja mwawo popanda Mfalansa wowasokoneza. Kuyambira 1834 anthu ankasaina kontirakiti ya zaka zisanu, monga agogo athu ankachitira popita ku Wenela, n'kukwera chombo osadziwa bwino kumene akupita. Pafupifupi theka la miliyoni anafika pa chilumbachi mwa njira imeneyi, ndipo ambiri sanabwerere. Zidzukulu zawo ndizo zachuluka m'dzikoli lero. N'chifukwa chake pa msika wa Port Louis chakudya cha aliyense ndi dholl puri, chapati chofewa cha nandolo wakeyo wa ku India chokulungiramo ndiwo, ndipo mnyamata wogulitsa, Mmwenye weniweni, amakuwerengera chenji m'mawu a Chifalansa pansi pa chikwangwani cha boma cha Chingerezi. Tinadya awiriawiri titaimirira. Azakhali anati n'zokoma koma sizikhala m'mimba, nsima ndi nsima.

Ngakhale mlandu wa zilumba za Chagos, umene mwina munaumvapo pa wailesi, muzu wake ndi womwewu. Zilumbazo zinapita kwa Britain limodzi ndi Mauritius mu 1814. Mu 1965 Britain inazidula ku Mauritius ufulu usanabwere, ndipo pakati pa 1968 ndi 1973 anthu ake, zidzukulu za akapolo amene Afalansa anapititsa kumeneko kukagwira ntchito m'minda ya kokonati, anasamutsidwa onse kuti America imange malo a asilikali pa Diego Garcia. Ambiri anangotsitsidwa pa doko lomweli la Port Louis. Khoti la dziko lonse ku The Hague linanena mu 2019 kuti kudulako kunali kosatsata malamulo, ndipo mu Meyi 2025 Britain ndi Mauritius anasainirana pangano pa za umwini wa zilumbazo. Benchi ya pa njira ikadali ndi oifuna.

Za geni imene tinapitira, ndinene mwachidule. Malaya ndi abwinodi, ulusi wake wolimba. Koma azakhali atawerengera mtengo wopikulira, ndege, msonkho wa pa boda ndi mtengo umene kasitomala wa ku Limbe angalolere pamene kaunjika ali pakhomo pomwepo, anapukusa mutu. Anagula pang'ono oti akayesere, ena onse mpamba unabwerera m'chikwama. Amene mukuganiza zopitako, yambani mwagwira pensulo.

Usiku wotsiriza tinagonanso ku Mahébourg kuti tikhale pafupi ndi ndege. Madzulo tinatsikira kunyanja kumene asodzi amafikira. Panali mayi wina wachikulire, wakuda ngati ife, atakhala pa kabokosi ndi beseni la nsomba, mpango kumutu. Mukanamuona pa Limbe mukanamulonjera m'Chichewa. Anatiyang'ana nayenso, n'kufunsa m'Chingerezi chodukaduka kuti tachokera kuti. Nditati Malawi sanadziwe. Nditati pafupi ndi Mozambique anaseka, n'kudziloza pachifuwa. Anati agogo ake ankanena kuti makolo awo anali a Mozambique, koma ali mwana mawu oti "Mazambik" anali chitonzo, munthu akakutchula choncho ndiye kuti wakunyoza kuti ndiwe wakuda wosatsegula maso.

Nditawamasulira azakhali, anasendera pafupi. "Tawafunsa amayiwa, kwawo kwenikweni n'kuti? Mfumu yawo ndani?"

Mayiyo anatambasula manja. Palibe amene akudziwa.

"Nanga chiwongo? Ndi Naphiri, Nabanda, kapena Nangondo?"

Ndinavutika kufotokoza chiwongo m'Chingerezi. Atamva, anatiuza dzina la banja lake, dzina la Chifalansa. Anati maina otere ankapereka ndi mwini munda kapena kalaliki wa boma polemba akapolo m'kaundula, lililonse limene lamubwerera m'mutu tsiku limenelo.

Azakhali anakhala chete kanthawi, akuyang'ana kumadzi kumene Sirius inamira. Kenaka analoza nsomba zitatu m'besenimo n'kundiuza kuti ndifunse mtengo. Mayiyo anatchula. Ine ndinayamba kale kukonza pakamwa kuti tiyambe kunenerera, poti azakhali anga amanenerera ngakhale bokosi la machesi. Koma iwo anamasula kansalu kawo, n'kuwerenga marupee onse monga anatchulira, n'kupereka ndi manja awiri.

Tili m'njira kubwerera kogona anatsegula jumbo n'kusuzumiramo. "Koma nsomba zake n'zazing'ono," anatero. "Chambo cha ku Mangochi chimodzi chikanakwana zonsezi."